Mlongoti wa Pabwalo la Mayi Faison

Mayi Odessa Faison anabadwira m'nyumba yomwe akukhalamo lero, m'boma la Duplin ku North Carolina, makola a nkhumba asanabwere. Anaphikira ana a sukulu mpaka kupuma ntchito. Tsopano kuseri kwa mpanda wawo kuli nkhumba zikwizikwi ndi dziwe la ndowe, zimene eni makola amasungunula n'kupopera m'munda ngati mvula. Amuna awo, a Cleophus, amadwala mphumu. Kupopera kukayamba amadzitsekera m'chipinda, chonsecho chimene amafuna pa ukalamba wawo n'kukhala pakhonde basi.

Mayiwo atadandaula kwa zaka zambiri, kunabwera mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Renita, nazika mlongoti pabwalo. Pamwamba pake anaikapo kachubu koyamwa amoniya, mpweya woyabwa m'maso wochokera ku ndowe, nakavundikira ndi kambale koyera.

Tsiku lomwelo kupopera kunaleka. A Cleophus anatulutsa mpando.

"Odessa, kani kunja kuno kukadali mbalame?" anatero akuseka.

Renita atabwera ndi zotsatira, ananena atazolika kuti amoniya anapezeka wochepa.

"Wochepa? Mwana iwe, mlongoti wakowu umaonekera kumsewu! Anthu aja anakuona. Wayeza manyazi awo, osati mpweya umene timapuma ife."

"Ndikudziwa, amayi. Koma ndingalembe zokhazo zimene kachubu kagwira."

"Ndiye kasiye pomwepo."

"N'kobwereka, amayi. Kakufunika kwina."

Galimoto ya Renita isanazimiririke, Mayi Faison anali atakwera kale pamakwerero. Anakhomera pamlongoti mbale yodyera galu, pansi pake n'kumangirira chubu cha cholembera. Mundawo unakhalabe wouma, ndipo a Cleophus anayamba kudyera panja.

Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi, Delbert, amene amayendetsa makina opoperawo, anakokera Mayi Faison pambali.

"Azakhali, abwana aizindikira mbale ija. Dziwe ladzadza. Mawa ndikutsegula mipopi."

"Iwe Delbert, ndinakupakulira chakudya kusukulu mamina ali chuu! Tsopano ukapopere ndowe pachifuwa pa mwamuna wanga?"

"Ndikakana ine, atumiza wina amene sadzakuchenjezani n'komwe."

M'mawa mwake mipopi inatsegulidwa. Mayi Faison analowetsa mpando, natseka mawindo, nayala matawulo onyowa m'munsi mwa zitseko. A Cleophus anakhala pabedi akufunafuna mpweya. Mayiwo anaimbira Renita foni.

"Bwera lero, mwana iwe. Usabwere ndi kachubu. Bwera ndi mphuno zako."