Ama Nyalongwe ndi Dzina Limene Silinkatchulidwa

Abusa andipempha kuti ndilembe mbiri ya Ama Estere Nyalongwe m'kalata ya mpingo wathu, ndipo andichenjeza kuti ndilembe mofatsa. Ndiyesa. Koma amene mumandidziwa ine Jessie Nyamanda mukudziwa kuti tsiku limene Mulungu ankagawa kufatsa, ine ndinali kumunda. Ndalemba m'Chichewa dala, kuti abale athu a ku esiteti ya mphira adziwerengere okha, pakuti nkhaniyi ndi yawonso.

Ama Estere anabadwira kufupi ndi Bandawe, m'banja la msodzi wosauka. Sukulu sanapite nayo patali. Mayi awo atamwalira, iwo anasiya kuphunzira kuti alere azing'ono awo, ndipo sanadandaulepo. Koma khutu anali nalo! Tikapita kudambo kukaviika chinangwa, iwo ankatibwerezera ulaliki wonse wa Lamulungu, mpaka ndi katsokomoledwe ka mlaliki komwe. Ife atsikana anzawo tinkaseka mpaka kugwera m'madzi, koma pobwerera kunyumba ulaliki uja unali utatilowa.

Atakula n'kulowa Umanyano, gulu la amayi a mpingo wathu, mphatsoyo inaonekera poyera. Paukwati, pamaliro, pamsonkhano wa amayi, anthu ankangoti, "Alankhule Nyalongwe." Sankatalikitsa. Ankaimirira, n'kukonza duku, n'kunena mawu ochepa amene munthu unkapita nawo kunyumba. Ife ofulumira pakamwa ankatilangiza kuti, "Mawu ali ngati chinangwa chowawa. Ukangozula n'kupatsa anthu, uwapweteka. Uviike kaye."

Anakwatiwa mochedwa, azing'ono awo onse atakula. Mwamunayo anali Laston Makwinja wa ku Mulanje, amene anabwera kudzagwira ntchito ku esiteti, yocheka makungwa a mitengo ya mphira kuti utomoni udonthere m'tikapu. Anali munthu wansangala, woimba besi m'kwaya. Chitonga chake chinali chotsimphina, koma Chichewa chinkangotuluka chokha. Abale atang'ung'udza kuti wakwatiwa ndi mlendo, Ama Estere anati, "Mlendo ndi amene sadziwa khomo la tchalitchi. Uyu amafika belu lisanalire."

Tsopano ndafika pamene abusa akuti ndifatse.

Zinali zaka za m'ma 1970, chipani chili chimodzi, munthu osalowa ngakhale mumsika wopanda khadi. Kunabwera mlendo wamkulu wa chipani wochokera kuchigawo chapakati, ndipo tonse anatisonkhanitsa pabwalo ku Chintheche. Wapampando wa nthambi ya chipani kwathu kuno anali Gibson. Dzina la bambo ake ndilisiya chifukwa cha zidzukulu zake, zimene sizinalakwe. Gibson ankakonda kulankhula pagulu, koma akayamba Chichewa lilime linkamukola, anthu n'kumayang'ana nkhuku zodutsa. Choncho okonza msonkhano anasankha Laston kuti ndiye athokoze mlendo. Gibson anameza malovu owawa.

Laston analankhula bwino, ndisaname. Anati, "Ife a ku esiteti tikuthokoza. Makolo athu anagwira thangata, ife lero tili pa ufulu. Boma lathu likukoma!"

Kwa iye mawuwo ankatanthauza kuti boma n'labwino, n'lotsekemera. Koma ife a kuno tinakula tikumva Chitumbuka kusukulu ndi kutchalitchi, ndipo m'Chitumbuka kukoma ndiko kupha. Bwalo lonse linamva kuti boma lathu likupha. Kenako wina kumbuyo anaphulika nacho chiseko, ndipo basi, nthungululu, m'manja, mfuwu! Anthu anali nazo kukhosi kwa nthawi yaitali, ndipo apa wina anali atawanenera mosadziwa. Laston, poona kuti anthu akondwa, anakweza mawu: "Likukoma! Likukoma zedi!" Mlendo uja naye ankaomba m'manja. Ndinacheuka kuyang'ana Ama Estere pamzere wa amayi ovina. Anali ndi pakati nthawi imeneyo, ndipo anali atagwira kumutu.

Msonkhano utatha, Gibson anakanong'oneza mlendoyo kuti Laston amachidziwa bwino Chitumbuka ndipo wanena dala. Bodza lamkunkhuniza! Munthu amene ngakhale moni wa Chitonga ankaupotoza! Posakhalitsa landirova ya apolisi inafika ku esiteti m'mawa, n'kumutenga ali pamtengo, mpeni uli m'manja. Sanabwerenso. Mtembo sitinauone, ndipo panalibe amene anabwera kudzanena kuti wafera kuti.

Achinyamata a lero simungamvetse. Munthu akatengedwa chotero, dzina lake linkatengedwa naye limodzi. Kulitchula pagulu kunali kudziitanira landirova yomweyo. Ngakhale m'pemphero la m'tchalitchi ankangoti "m'bale wathu amene ali paulendo." Maliro ake sanaliridwe. Ama Estere anawatulutsa m'nyumba ya esiteti, nabwerera pamalo a bambo awo, nabereka mwana wamkazi amene anamutcha Pilirani. Anamulera ndi khasu ndi kuyanika usipa wa eni ake. Anthu amene kale ankawaitanira paukwati anayamba kupatuka njira akawaona. Mayi wotonthoza maliro a mudzi wonse analibe polirira mwamuna wake.

Ine magazi ankawira, ndipo mpaka lero amawira. Tsiku lina tikupalira chinangwa ndinati, "Estere, tiye tikatenthe maukonde a Gibson. Machesi ndili nawo."

Iwo anaimika khasu nati, "Jessie, ukatentha ukonde agula wina. Ine ndikufuna chimene sangagule."

"Chiyani?"

"Dzina la mwamuna wanga limveke pagulu, masana, dzuwa likuswa mtengo. Ndapempha kwa Mwini, ndipo ndidikira."

Musaganize kuti anali munthu wopanda mkwiyo. Anali nawo, wochuluka kuposa wanga, koma wawo unali wogwada. Lamulungu lililonse ankamudikira Gibson pakhomo la tchalitchi, n'kunyonyomala mwaulemu, n'kumuyang'ana m'maso pomupatsa moni wa Chitonga: "Mwe uli, Ada?" kutanthauza kuti muli bwanji, bambo. Gibson ankayankha akuyang'ana nsapato zake. Anayamba kutulukira khomo la kumbali, ndipo Ama nawo anasamukira komweko.

Patapita zaka, mkazi wa Gibson, Agness, anadwala nthenda yaitali. Anali wa Umanyano mnzathu, mayi wabwino amene anangolakwa posankha mwamuna. Amene ankamusambitsa ndi kumutembenuza pamphasa anali Ama Estere. Atamwalira, amayi anati mawu a Umanyano kumanda anene Nyalongwe. Akuluakulu a chipani analipo, ayufi, anyamata a chipani, atazungulira ndi malaya awo ofiira. Ine ndinanong'ona kuti, "Lero ndi lero, mulavulire." Iwo anangondiponda chala.

Anayamikira Agness mwachidule, kenako anatembenukira kwa wamasiyeyo. "Ada Gibson, pepani. Koma m'chisoni chanu muthokoze Mulungu. Mwamutseka maso mkazi wanu ndi dzanja lanu. Mwaona pamene wagona. Udzu ukamera mudzabwera ndi khasu kudzalambula, ndipo ana akadzafunsa mudzawalozera. Limeneli ndi dalitso lalikulu, musalipeputse. Alipo ena pakati pathu pano amene khasu ali nalo, koma polambula alibe."

Anakhala pansi. Sanatchule dzina, sananyoze boma, panalibe choti ayufi akanene. Koma manda onse anamva. Amayi analira kulira kwina, kosakhala kwa Agness, ndipo Gibson thukuta linali kamukamu ngakhale kunali mphepo. Mawu amenewo anayenda mpaka ku Kande ndi ku Tukombo, ndipo mpaka pano amanenedwa kwa ana amene amanyalanyaza manda a makolo awo.

Pambuyo pake Gibson anasiya udindo wa chipani n'kuyamba kulimbikira za mpingo, mpaka anamusankha kukhala mkulu wa mpingo. Ine ndinatsutsa mpaka mawu kusasa. Fisi n'kumupatsa mbuzi kuti awete? Koma Ama Estere sanatsutse. Anati, "Msiyeni akhale kutsogolo. Kumbuyo akanatha kuthawa." Ankalandira Mgonero kuchokera m'dzanja lake lomwelo, iwo ali phee. Kupepesa ndiye ayi, Gibson sanapepese.

Atayamba kukalamba, chifuwa chinawagwira. Sanasiye kuyendera odwala mpaka miyendo inakana. Zinali zaka zomalizira za chipani chimodzi, koma mantha anali akadalipo, ndipo dzina la Laston linali lisanamvekebe pagulu. Pilirani anali atakula, ali ndi mwana kumsana, asanamvepo munthu akutchula bambo ake mokweza. Ine ndinayamba kuopa kuti Ama apita pemphero lawo lisanayankhidwe, ndipo ndinamukwiyira ndi Mulungu yemwe.

Masana ena abusa anabwera ndi akulu a mpingo kudzawapatsa Mgonero kunyumba. Gibson anali nawo, atakhala pafupi ndi khomo. Mukudziwa mwambo wathu: pamaliro a Mkhristu, mkulu wa mpingo mmodzi amaimirira kumanda n'kunena mbiri ya womwalirayo, kumene anabadwira, kumene anabatizidwa, amene anakwatirana naye, ndiponso ngati mnzakeyo ali moyo kapena anatsogola. Mukudziwanso kuti mawu a munthu amene akutsanzika sakanidwa.

Atalandira Mgonero, Ama anati, "Abusa, ndili ndi pempho limodzi. Mbiri yanga adzanene Ada Gibson."

Gibson anati, "Ama, alipo ena odziwa kulankhula kuposa ine."

"Alipo. Koma wodziwa mbiri yanga kuposa inu palibe. Mudzanene yonse, musadzadumphe kanthu. Mukadzadumpha, Jessie alipo."

"Ndilipo," ndinatero ine.

Abusa anayang'ana akulu aja, akuluwo anayang'ana pansi, ndipo pempho linavomerezedwa. Ama anapempha nyimbo, tinaimba. M'mawa mwake anagona tulo tawo totsiriza mutu uli pamiyendo ya Pilirani, nkhope ili yosalala ngati ya munthu amene wamaliza kukolola.

Kumanda kunadzaza. Anabwera a ku Sanga, a ku Mpamba, ndi antchito a ku esiteti, ena okalamba amene anacheka mitengo limodzi ndi Laston. Ayufi nawo analipo. Dzuwa linali pamutu. Gibson anaimirira atagwira chipewa, nayamba bwinobwino: kubadwa, ubatizo, kulera azing'ono, Umanyano. Atafika pa ukwati, anatsokomola.

"Mayiwa anakwatiwa... anakwatiwa, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi."

"Anakwatiwa ndi yani?" ndinafuula ine. Abusa sanandiletse.

Gibson anayang'ana ayufi, anayang'ana bokosi. "Ndi Laston Makwinja wa ku Mulanje."

Pilirani analira mokuwa. Koma mbiri inali isanathe, ndipo anthu onse ankadziwa. Mkulu wina wa ku esiteti, wa imvi mbuu, anafunsa mofatsa, "Nanga a Makwinjawo ali moyo, kapena anatsogola?"

Chipewa chinagwa m'manja mwa Gibson. Anati, "Sindidziwa kumene anagona. Chitumbuka sankachidziwa. Ndinamunamizira ndine."

Ayufi aja sanasunthe. Mmodzi anavula kapusi yake.

Abusa amaphunzitsa kuti Ama Nyalongwe anamukhululukira Gibson, ndi kuti anamupatsa mpata wolapa asanafe. Mwina n'zoona, iwo ndi amene anaphunzira. Ine ndimati anamukoka ndi chingwe chaulemu kwa zaka zonsezo mpaka anamufikitsa pamene ankamufuna, ndipo mtima wanga unazizira tsiku limenelo ngati ndamwa madzi a m'mtsuko. Kapena zonse ziwiri n'zoona. Chimene atisiyira ife olankhula pagulu n'chakuti pakamwa pamodzi pakhoza kukwirira munthu wamoyo, ndipo Mulungu akhoza kudikira mpaka pakamwa pomwepo pamufukule. Amene muli ndi dzina la mnzanu kukhosi, musadikire kuti akufunseni kumanda.

Gibson atakhala pansi, amuna a ku esiteti anayambitsa nyimbo ya maliro ya kwawo ku Mulanje, ndipo ife amayi a Umanyano tinaipolokeza ngakhale mawu ake sitinkawadziwa bwino. Bokosi linali limodzi, dzenje limodzi. Koma tsiku limenelo tinaika anthu awiri.