Kalata ya Atate Tinaithira Ufa

Ndikukumbukira tsiku lomwe uthenga unandipeza, ee, unandipeza ndili chiweramire m'mizere ya tiyi, ndikuzula udzu kumbuyo kwa amayi. Zaka zanga musandifunse, panalibe amene anaziwerenga, koma mano akutsogolo anali atangomera kumene. Inali nyengo ya chiperoni, kamvula kaja kosagwa kosaleka, phiri la Thyolo litafunda nkhungu mpaka kumapazi. Tinangomva azakhali anga a Namaona akubwera chothamanga, mawu patsogolo iwo pambuyo.

"Alamu! Amake Marita inu! Tayani khasu limenelo! Achimwene alankhula pa pepala!"

Marita ndine. Achimwene awowo anali atate anga, a Khoviwa, amene anatengedwa usilikali pa nkhondo ya Ajeremani ija. Makolo athu anachokera kwa Apwitikizi nadzakhala pa malo a mzungu, malowo tinkalipira ndi thangata, ndipo atate atachoka khasu lawo linagwera amayi ndi ine. Mvula inagwa, inaleka, inagwanso, atate zii. Akazi anzawo a amayi uthenga unkawapeza wa maliro okhaokha, nameta mitu. Amayi anakana kumeta. Ankati, "Lumo lidikire, sindinamve kanthu."

Tsono tsiku limenelo anamva. Tinathamanga, inu, tinathamanga, akapitawo akutikuwira ife osacheuka, mpaka pakhonde la ofesi pomwe panali a Yotamu akalaliki, munthu yekhayo wakuda wodziwa kuwerenga pa esiteti yonseyo. Anthu anali atadzaza kale. Kalatayo inali pepala limodzi, lolembedwa ndi pensulo ija ya asilikali, yoti ukainyambita imalemba mtundu wa duwa la mbatata.

A Yotamu anatsokomola, naitalikitsa, naiyandikitsa. "Zilembo zake zikuyenda chammbali ngati nkhanu," anatero, anthu n'kuseka. Kenaka anayamba, pang'onopang'ono: "Kwa mkazi wanga ndi abale onse. Ine Khoviwa ndili moyo. Mwendo unalasidwa koma wapola. Kalatayi ndalemba ndi dzanja langa. Wandiphunzitsa ndi mnzanga Eliya, amene anali pa sukulu ya aphunzitsi ku mishoni asanavale za usilikali. Akuti nkhondo ili pafupi kutha."

Nthungululu inaphulika mpaka mbalame zinathawa m'mitengo ya bulugama. Amayi anakhala pansi m'matope momwemo, akuseka akulira. A Yotamu anatembenuza pepala nakweza dzanja.

"Taimani, kuseri kulinso mawu. Akuyamba ndi dzina la Marita. Dikirani ndione bwino."

Koma azakhali anali atalitsomphola kale. "Mudzamaliza mawa, akalaliki! Munthu wabwerera pakhomo pa manda, inu mukuti dikirani?" Nthawi yomweyo mzungu anaitana m'kati, a Yotamu nalowa. Ine ndinakoka nsalu ya amayi, ndinati, "Amayi, nanga mawu anga aja?" Iwo anati, "Ali momwemo, mwanawe. Mawu a pa pepala alibe miyendo, sathawa."

Kwathu munthu akapulumuka imfa, kapena akawina mlandu waukulu, timamukhazika pa mkeka watsopano, kumuthira ufa kumutu, kumudzoza mafuta a nsatsi. Atate panalibe, koma dzanja lawo linalipo. Atsibweni anga a Mulaviwa anagamula kuti kalatayo ilandiridwe monga mwini wake. Palibe amene anatsutsa, pakuti palibe mwa ife anali atasungapo kalata chibadwire.

Anayala mkeka pabwalo, naikhazika pakati. Amayi anayamba kuthira ufa wa makaka, azakhali natsatira, kenaka aliyense, mpaka pepala linangoti mbuu. Agogo ena anadontheza mafuta pakona, amvekere, "Mwayenda, mwana wanga, mwayenda." Ng'oma za tchopa zinatuluka, mowa wa otheka umene eni ake ankasungira tsiku lina unatsegulidwa lomwelo. Ngakhale a Dorika a Sabata, osamwa osavina, anabwera kudzaimba nyimbo ya kutchalitchi kwawo, nagwira pepalalo ndi manja awiri. Tinapeka nyimbo pomwepo:

Khoviwa wabwera, wabwera pa pepala,
chipolopolo chamulambalala, ee, chamulambalala!

Kalata inayenda dzanja ndi dzanja, manja a thukuta, manja onyowa ndi chiperoni. Inenso anandisenzetsa pamutu, ndinavina nayo mpaka m'chiuno munawawa. Sindiname, chibadwire changa sindinakondwenso chotero, ngakhale tsiku la ukwati wanga.

Kutacha, ufa uja unali utamatirira pa pepala ngati phala la dzulo. Amayi anachita manyazi. Anati, "Chinthu chonyansa chonchi ndikapereke bwanji kwa munthu wovala malaya oyera?" Anatenga kansanza, nakaviika m'madzi ofunda, nayamba kupukuta mofatsa monga asambitsira khanda. Zala zawo zinasanduka mtundu wa duwa la mbatata lija. Iwo anayesa ndi litsiro likuchoka, tsono anapukutanso, uku ndi uku, naliyanika pafupi ndi moto.

Tinapita nalo ku ofesi, a Yotamu nalilandira. Analiloza kumwamba kuti kuwala kudutse, analitembenuza, analitembenuzanso.

"Mwalichita chiyani, mayi?"

"Ndangowasambitsa," anatero amayi, mawu akuchepa.

"Kutsogoloku kwatsala mawu owerengeka, koma amenewo mwawamva kale. Kuseri kwangokhala mtambo. Latsala dzina la mwanayu basi."

Ndinalira, ndinagubuduka pansi. Atsibweni anandidzutsa, nati, "Ukulira chiyani iwe? Mwini mawu ali m'njira. Adzakuuza ndi pakamwa, pakamwa sipafufutika ndi madzi." Ndinatonthola, pakuti zinamveka zoona. Kuyambira pamenepo ndikazula udzu ndinkayang'ana kumsewu wochokera ku Limbe, ndikulingalira kuti kodi atate anandiuza chiyani. Mwina andigulira mikanda. Mwina amva kuti ndinaswa mtsuko.

Nkhondo inathadi. Asilikali anayamba kufika mmodzimmodzi, owonda, ena opanda zala, ndipo pamodzi nawo inafika nthenda ija ya fuluwenza imene inagwetsa anthu ngati nthochi pa mphepo. Tsiku lina pakhomo pathu panaima mwamuna wachilendo, bulangete lopindidwa m'khwapa. Sanafune kukhala pampando, anakhala pansi. Anati ndiye Eliya. Atate anadwala fuluwenza ku kampu ya ku Zomba, akudikira kuti awamasule, ndipo anawaika komweko. Bulangetelo linali lawo.

Akuluakulu atalira, atatopa, ine ndinakwawira pafupi ndi mlendoyo. Mwana sankafunsa mlendo masiku amenewo, koma ndinafunsa.

"Inu munawaphunzitsa kulemba. Kuseri kwa pepala kuja anati chiyani?"

Anandiyang'ana, nagwedeza mutu. "Ndiwe Marita? Mwana wanga, kutsogolo kuja ndinkawathandiza chilembo ndi chilembo. Atatembenuza anaphimba ndi chikhatho, nati, Eliya choka, awa ndi a mwana wanga, ndilimbana nawo ndekha. Analimbana nawo madzulo awiri. Sindinawaone."

Amayi anali kumva. Anangodzuka kukatenga lumo. Za kalatayo sanazitchulenso mpaka atakalamba, pamene tsiku lina tikusenda nandolo anangoti, "Madzi aja ndikanawamwa." Pepalalo analisunga m'kachitini moyo wawo wonse, ndipo tinawaika nalo limodzi.

Zilembo ndinadzaziphunzira imvi zitamera, ku sukulu ya kwacha, ndipo dzanja langa nalonso limayenda chammbali. Mdzukulu wanga amene ali ku koleji anabwera kudzandifunsa, akuti aphunzitsi awo akusonkhanitsa makalata a asilikali akale kuti asungidwe pabwino. Ndinamuuza kuti yathu palibe, tinaikonda mpaka inatha. Ndiye anati ndilembe zimene ndikukumbukira, ndi izi ndalembazi.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti nthungululu izidikira mawu athe. Munthu akamalankhula, kaya ndi pakamwa kaya ndi pepala, mulekeni afike kumapeto, pakuti simudziwa ngati adzalankhulanso. Zikanatitengera kanthawi kongomwera madzi kuti a Yotamu amalize. Ndakalamba, ndili ndi zidzukulutudzi, koma ndikadali mwana amene atate ake anamuitana dzina, iye n'kuvomera, osamva chimene anamuitanira.

Komabe kukwiya kumandikanika. Anthu aja anabwera m'chisanu, m'mimba mulibe kanthu, ena mitu yometa chifukwa amuna awo sanabwerere, nadzavinira mwamuna wa mnzawo. Manja awo ndi amene anafufuta mawu anga, manja omwewonso ndi amene anandilera. Onse anapita, ndatsala ndekha wowadziwa, ndipo popeza pepala ndaligwira, alowemo. Kunabwera azakhali a Namaona ndi amuna awo a Mpasuka. Kunabwera atsibweni a Mulaviwa, ndi a Makwinja oimba ng'oma, ndi a Nahache eni ake otheka. Kunabwera a Dorika a Sabata, a Edesi a ku Chimaliro ndi mapasa awo, agogo a Nampinga amene anadontheza mafuta, a Muhiriri akapitawo aja amene pambuyo pake anaiwala kutikalipira, a Enelesi ndi a Fanesi amasiye a nkhondo yomweyo, ndi amayi anga, a Esitere, amake Marita.