Filimu Yoikira M'bulangete

Utsi wa nkhuni za paini ukangondifika m'mphuno, ndimawaona a Mhone ali pakhonde pawo ku Chiputula, chifunga chitakuta mabwalo, mbaula pakati pa miyendo, akupukuta diso la kamera ndi kansalu kamene ngakhale akazi awo sankakakhudza. Kwawo kunali ku Nkhata Bay. Anali wojambula zithunzi wa panjinga, ndipo maukwati ndi maubatizo ambiri a mu Mzuzu anadutsa m'kamera imeneyo mawondo asanayambe kuwavuta. Ife tinali obwera, a ku Dowa, bambo atatumizidwa kumeneko pantchito ya boma. Mpanda wathu unali umodzi, ndipo ankanditchula NyaBanda, dzina limene ndinkalikonda kuposa langa lenileni.

Ndili Sitandade 6, bambo anaitanidwa ku msonkhano ku Blantyre nthawi ya holide, ndipo anati anditenga. A Mhone atamva anandiitana. Mwana wawo Towera anakwatiwa ku Ndirande, ndipo anali atabereka mwana wamwamuna amene anam'patsa dzina la agogo akewo. Miyezi isanu inali itatha iwo osamuona, ulendo wa basi utawakanika. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: nkhope ya mdzukulu wawoyo.

Filimu ya zithunzi 36 anaiika modabwitsa. Analowa ndi kamera m'bulangete, mutu ndi manja omwe, miyendo yokha ili panja, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Ndinaseka mpaka misozi, kumayesa ndi zaukalamba. Atatuluka thukuta lili kamukamu, anayamba malangizo. Dzuwa lizikhala kumbuyo kwanga. Kamera ndiziivala m'khosi, m'kati mwa juzi, chifukwa m'tauni yaikulu muli anthu a zala zazitali. Ndisaloze kwa apolisi kapena pakhomo la banki, ndipo munthu aliyense ndiyambe ndam'pempha.

"Ndipo uyambe ndi anthu, NyaBanda. Nyumba zikuchimbira yayi, sizithawa."

Ndinagwedeza mutu, koma mtima unali kale m'basi.

Blantyre inandizunguza mutu. Ine wozolowera Mzuzu, kumene nyumba zosanja zinali zoloza ndi chala, ndinakaona nyumba zoti ukayang'ana pamwamba khosi limawawa. Bambo akaweruka ankandiyendetsa m'misewu, ine ndikungodina. Ndinajambula maloboti atayaka zofiira, ndinadikira kuti ndiwajambulenso atayaka zobiriwira. Zidole zovala masuti m'mawindo a sitolo, sitima ya pamtunda ku Limbe, ngakhale chikepe cha m'nyumba ina chitatseka zitseko. Kwa Towera tinapita tsiku lomaliza, ndipo ndili m'minibasi ya ku Ndirande ndinasuzumira pakawindo kowerengera zithunzi. Panali 36. Filimu inali itatha, koma bambo sindinawauze.

Towera anatilandira ndi chimwemwe chondipweteka. Anam'sambitsa mwana, kum'dzoza mafuta mpaka kunyezimira, kum'veka chipewa choluka, n'kukhala naye pakhomo moyang'ana dzuwa monga mwana wa wojambula. Chifukwa cha manyazi ndinaganiza zongonamizira. Ndinakoka kachitsulo kopititsa filimu, ndikuyembekeza kuti kakana, koma kanayenda, ndinadina. Ndinakokanso, kanayendanso. Kachitatu kanalimba. Mumtima ndinati basi, ndawonjeza mlandu, kamera nayo ndaiwononga.

Titabwerera, akazi a a Mhone anapita nayo filimu m'tauni kokatsukitsa. Masiku atatu ndinkazembera kuseri kwa nyumba, madzi kukatunga ku mpopi wakutali, kuopa kudutsa pakhonde pawo. Loweruka m'mawa, chifunga chisanachoke, ndinamva dzina langa kuseri kwa mpanda.

Ndinawapeza a Mhone ali ndi envelopu pamwendo, akutulutsa zithunzi chimodzichimodzi, nkhope ili gwa. Atafika pa maloboti anandifunsa kuti bambo a maso atatu awa ndi a banja liti, nanga kwawo ali bwanji. Pa zidole za masuti anafunsa ngati ndinayamba ndazipempha. Envelopu itatha, mwana mulibe, ndinalira n'kuulula zonse.

Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anapisa m'thumba la malaya. Zithunzi ziwiri. Pa choyamba Towera anatsinzina. Pa chachiwiri, chofiirira m'mphepete ngati chawaulidwa pamoto, mwana anali akuyasamula, nkhama zili poyera, makutu aakulu otambalala ngati a agogo ake enieni. Anandifotokozera kuti filimu yoikira mumdima siiwonongeka koyambirira, choncho sufunika kukulunga yambiri, ndipo kumapeto imakupatsa zithunzi ziwiri zowonjezera.

"Nanenso ndinapitako koyamba ku Blantyre, mwana wane. Ndinabwerako ndi nyumba zokhazokha. Bulangete lija ndinalowera iwe." Anayang'ananso makutu aja nthawi yaitali, maso atanyowa. "Yewo chomene, NyaBanda."

Sindinasangalalepo chomwecho chibadwire.

Lero ntchito imandifikitsa m'mizinda yoposa Blantyre, ndipo foni yanga ingajambule tsiku lonse osadzaza. Koma ndikatsika, nyumba zazitali zimayamba zadikira. Ndimayamba ndi amene wabwera kudzandichingamira, dzuwa lili kumbuyo kwanga. A Mhone anapachika zithunzi ziwiri pabalaza pawo mpaka tsiku lomwalira, cha mdzukulu ndi cha maloboti ofiira. Cha mdzukulu anatenga Towera. Cha maloboti anasiya mawu kuti chipite kwa NyaBanda, ndipo chili m'chikwama changa cha paulendo.