Tambala wa Simenti wa ku Ching'ambo

Ndikukumbukira chaka chimene dziko linagawika pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Ching'ambo awiriwiri ndi bambo anga, poti mayi anali atamwalira ndili wamng'ono. Bambo anali mmisiri womanga nyumba wochokera ku Chiradzulu, munthu wa mawu ochepa. Akaweruka ankabwera ndi simenti yokokola pansi m'kathumba ka shuga, ndipo Loweruka masana ankaumba ziboliboli pabwalo pathu, m'mbali mwa njira ya kumsika.

Panali nyamalikiti wa khosi la paipi yamadzi, lopindika ngati akufuna kusuzumira m'nyumba ya eni. Panali ng'ona ya mano a mbale zosweka, ndi wapolisi wapamsewu wokweza dzanja, maso ake zitsekerero za mabotolo. Anthu odutsa ankaima n'kuseka, apanjinga ena ankachita kumupatsa moni wapolisiyo. Koma chachikulu pa zonse anali tambala, wondifika m'mapewa, wopakidwa utoto wakuda chifukwa ndi umene unatsala pa nyumba ina ku Katoto. Anaima pamenepo zaka zambiri, ndere zikumera pamsana pake ndi mvula yosatha ya ku Mzuzu, popanda womufunsa mbali yake.

Kenaka nkhani ya mavoti inafika. Ofuna zipani zambiri chizindikiro chawo chinali nyali, ofuna chipani chimodzi chawo chinali tambala wakuda, ndipo kwathuko pafupifupi aliyense anali wa nyali. Anyamata anayamba kuponya miyala podutsa. Ina inkagwera padenga. A NyaGondwe, mayi woyandikana nafe amene ankandiluka tsitsi, anabwera tsiku lina bambo akutsuka mapazi pakhonde.

"Adada, ingomupakani utoto wina, woyera kaya wofiira," anatero. "Nyengo yasintha chomene."

"Yewo, amama, ndamva," anayankha bambo. "Koma tambala ameneyu sanalembetse zovota. Aponya, atopa."

Amene anatopa msanga ndinali ine. Kusukulu, ndikangolowa m'kalasi, wina kumbuyo ankalira "kokoliriko!" kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Tiwonge, mnzanga amene tinkagawana chinangwa chokazinga pa buleki, anasamuka pabenchi pathu. Anandiuza osandiyang'ana kuti kwawo amuletsa kuyenda ndi mwana wa tambala. Ndinkadzuka m'mawa wa chifunga thupi lili lolemera, ndikuyenda pang'onopang'ono m'matope kuti ndikafike belu litalira kale.

Lachitatu lina masana, bambo ali kuntchito, ndinatenga hamala yawo yaikulu kuseri kwa chitseko. Ndinkaganiza kuti ndingomenya kamodzi. Tambalayo anali wolimba kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinamenya khosi mpaka manja anachita matuza, fumbi la simenti likundilowa m'kamwa. Mutu utagwa, panatsala waya wadzimbiri ali tolotolo. Ndinapitiriza ndi mapiko, ndi mchira, ndikulira, osadziwa chondiliza. A NyaGondwe anaima pampanda atagwira pakamwa.

Bambo anafika dzuwa lisanalowe. Anatsamiritsa njinga pakhoma, n'kuyang'ana mulu wa zidutswazo nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana manja anga. Ndinali nditakonzeka kunama kuti ndi anyamata aja, koma sanandifunse. Ndinali nditakonzekanso kukwapulidwa. Anangokhala pa njerwa, n'kutola kachidutswa ka mchira kokhala ndi timizere.

"Nthenga izi anajambula ndi amayi ako," anatero. "Ndi chogwirira cha supuni. Ine ndinkalephera, zinkaoneka ngati mamba a nsomba."

Anakatembenuza kawiri, n'kukabwezera pamulu pomwepo.

"Tenga wilibala. Utole zonse, usasiye ngakhale kamodzi."

Panjira yathu panali dzenje limene linkasunga madzi chaka chonse. Anandiuza kuti ndikathire mmenemo. Ndinayenda maulendo asanu, iwo akusalaza ndi fosholo, wilibala ikulira ngati ikudandaula. Titamaliza anapondaponda ndi nsapato zawo zantchito, anatsuka fosholo, n'kundiuza kuti ndiike madzi osamba pamoto. Chilango chinathera pomwepo.

M'mawa mwake ndinathamangira kusukulu kukauza Tiwonge kuti tambala uja ndaphwanya ndekha. Anangoti, "Ooh," n'kupitiriza kukopera masamu. "Kokoliriko" uja sanaleke tsiku limenelo. Analeka yekha patapita milungu ingapo, mavoti atadutsa, ana atapeza mnyamata wachibwibwi woti azimuseka. Tiwonge anabwerera pabenchi ngati sipanachitike kanthu.

Bambo sanaumbenso. Sanalumbire, sananene kuti aleka. Kathumba ka shuga kanangosiya kubwera. Loweruka ankakhala pakhonde ndi wailesi, akumvera anthu atsopano akulonjeza zinthu zatsopano, mpaka tulo n'kuwatenga ali chikhalire. Khosi la nyamalikiti litathyoka ndi mphepo, analikokera kuseri kwa chimbudzi. Tsiku lina, nditakula pang'ono, ndinawapempha kuti tiumbe tambala wina, ine ndijambule nthenga. Anamwetulira mofooka.

"Manja atopa, mwanawe."

Anakhala zaka zina zambiri akumangira anthu nyumba zowongoka bwino, mwini wake akaloza apa iwo n'kuika njerwa pomwepo. Lero ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili chaka chimenecho, ndipo ndikudziwa kulemera kwa sabata yogwirira ena ntchito. Ndi pano pamene ndikumvetsa kuti m'moyo wawo wonse, ziboliboli zija ndi zokhazo zimene sanatumidwe ndi munthu. Miyala ya anthu akunja akanaipirira mpaka mapeto. Chimene chinawakhazika pansi n'chakuti hamala inachokera m'nyumba mwawo momwe, ndipo ine ndinachita zimenezo pofuna kukondweretsa anthu amene sanatembenuke n'komwe.