Mbatata za aNyaSoko

Kwathu ndi kuseri kwa Edingeni, kumene msewu umathera m'ndowe za ng'ombe. Pakhomo pathu panali nyumba ziwiri zoyang'anizana, nkhokwe ziwiri, mitondo iwiri, ndi mwamuna mmodzi. Mwamunayo anali adada. Nyumba ya kumtunda inali ya aNyaSoko, mkazi wawo wamkulu. Ya kumunsi, pafupi ndi khola pamene ntchentche zinkachitira misonkhano yawo, inali ya amama, aNyaLungu, mkazi wachiwiri. Adzukulu anga akamva zimenezi amakwinya nkhope ngati anunkhiza dzira lowola, amati mitala. Ife tinkangoti kwathu.

Lamulo loyamba limene amama anandiphunzitsa linali ili: moni upereke, madzi ukawatungire, koma chakudya cha kumtunda usadye. Chifukwa chake mudzi wonse unkachidziwa. Mwana wamkazi wa aNyaSoko, a Jesi, atakwatiwa, ng'ombe za malowolo ake zinalowa m'khola m'dzina la nyumba ya mayi ake. Pamwambo wathu ng'ombe zotere zimadikira mlongo wake wa mkwatibwi, kuti naye adzalowolere mkazi akakula. Koma adada, munthu wachifundo, anaona kuti mnyamata wa aNyaSoko akadali wamng'ono ndipo ng'ombe zingatope n'kudikira. Anazitenga n'kukalowolera amama. Mnyamatayo atakula anapeza m'khola muli mbiri yokha, anapita ku Joni kukasaka zake, osabwerako. Ndiye taganizani. Mkazi wabereka, walera, wakwatitsa, mphoto yake n'kumubweretsera mkazi mnzake. Ndani sangasunge kamankhwala kudenga?

ANyaSoko sanali munthu woseka. Anali aatali, ouma ngati mtengo wa mpanda, kabotolo ka fodya wa m'mphuno kali kumangidwa pansonga ya chitenje. Koma ndikamadutsa ankakonda kundiitana. Ankafukula mbatata paphulusa, kuipukuta m'manja, n'kundininkha osalankhula. Ine ndinkagwada, kulandira ndi manja awiri, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Yewo chomene, amama." Kenako ndinkazembera kuseri kwa nkhokwe kumene galu wathu Lekani ankandidikira. Mbatatayo inkanunkhira utsi ndi uchi, khungu lake lopserera, mkati mwake mwachikasu, malovu ali chuchuchu m'kamwa mwanga. Ndinkamuponyera Lekani, n'kukhala pansi kudikira kuti afe. Zaka ziwiri ndinadikira. Agalu a m'mudzi monse nthiti zinali pamtunda, koma Lekani ananona mpaka ubweya kuwala. Ine ndinangoti ichi ndi chiphe chochedwa, cha anthu odziwa ntchito yawo.

Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi pamene adada anatulukira kuti ali ndi mzimu. Ngolo yodzaza chimanga inagubuduzika potsikira kudambo n'kuwapsinja. Anthu atawasolola anapeza kuti yathyoka ndi nthiti imodzi yokha. Adada anati uku ndi kuitana. Anasiya mowa, kupatula Loweruka, anagula jekete, n'kuyamba kalasi ya ubatizo. Zonse zinkayenda bwino mpaka tsiku limene mkulu wa mpingo anafika panjinga, miyendo ya buluku atamanga ndi luzi, n'kuwafotokozera kuti khomo la kumwamba ndi lopapatiza. Mwamuna amalowa ndi mkazi mmodzi, woyambayo. Winayo abwerere kwawo. Adada anadandaula kwambiri. Anadandaula masiku atatu, akudya m'nyumba zonse ziwiri, kenako anavomera.

Amene munakulira kwa eni mbumba, kumene ana ndi a kuchikazi, mwina simumvetsa chimene chinandiopsa. Kwathu mwana ndi wa khola. Mayi akhoza kupita, mwana satsatira. Mlongo wanga Yesaya anali akuyamwa, ndiye anati apite ndi amama mpaka atasiya bere. Ine ndinali wotsala. Ndipo wondilera anali atapezeka kale, anali pomwepo kumtunda, akufukula mbatata.

Tsiku analiika Loweruka la pambuyo pokolola, kuti Lamulungu lake adada abatizidwe ali oyera. Amama anayamba kulongedza m'dengu: mbale ziwiri zamalata, nsalu, chipande, kagalasi kosweka pangodya. Zaka khumi za ukwati zinakwana m'dengu limodzi, malo n'kutsalako. Sankalira pamaso panga. Ankangondimeta, kundichotsa minga kumapazi, kundisokera diresi limene silinang'ambike, ngati munthu wokonza katundu woti asiye kwa eni.

Ine ntchito yanga inali kuyang'anira mdani. Lachinayi lake ndinawaona aNyaSoko akutuluka ndi tambala kukhwapa ndi chipanda cha mowa pamutu. Ndinawatsatira m'mapesi, chisoso chikundimata m'miyendo, mpaka analowa kwa a Yotamu, akulu awo a adada, munthu amene tchalitchi ankangochionera patali ngati phiri. Anakhalitsa kumeneko. Potuluka analibe tambala, analibe chipanda. Ndinathamanga kukauza amama kuti mankhwala agulidwa, ndipo a Yotamu ali m'chiwembu. Amama anangopumira m'mwamba n'kunena kuti, "Wapambana kale. Akufunanso chiyani?"

Loweruka m'mawa kunali mphepo ija ya mwezi wa Juni yong'amba milomo. Anthu anasonkhana pakhomo la khola, amuna pamipando, akazi pansi chapatali. Amalume anabwera kuchokera kuseri kwa Embangweni kudzatenga mlongo wawo, nkhope ili ngati ya pamaliro. Panthawiyo ndinkati akutimvera chisoni. Pano ndikudziwa kuti ankawerenga pakamwa powonjezereka. Dengu linali pakati. Mkulu wa mpingo anapemphera pemphero lalitali, kuthokoza chifukwa cha nkhosa yotayika imene yapezeka. Za nkhosa imene inali kutayidwa m'mawa womwewo sanatchule. Ine ndinagwira chitenje cha amama ndi manja onse awiri, nditatsimikiza kuti akandichotsa achita kudula zala.

Amalume atangowerama kuti anyamule dengu, aNyaSoko anakoka fodya, kuyetsemula, n'kusendera kutsogolo chogwada.

"Pepani eni mudzi, ndifunseko. Mkaziyu akumuchotsa ndani?"

"Amuna anu, mayi," anayankha mkulu wa mpingo mokoma mtima. "Akukonza moyo wawo. Inu ndiye mwatsala, kondwerani."

"Ndakondwa chomene. A Yotamu, ndinu munakusa ng'ombe popita kwa a Lungu. Zinali za nyumba iti?"

A Yotamu anatsokomola, kuyang'ana kumwamba ngati akukumbukira zakale, pamene tambala anali asanatsike n'komwe m'mimba. "Za nyumba yanu, mlamu. Za Jesi."

"Mbwenu, basi," anatero aNyaSoko. "Ng'ombe zanga zinapita, ndinakhala chete. Mwana wanga anapita ku Joni kukafuna zina, ndinakhala chete. Lero mukuti amene ng'ombezo zinabweretsa apitenso? Bambowa asiye mkazi, akufuna kumwamba, ulendo wabwino. Koma NyaLungu ndi wa nyumba yanga. Ine sindinamusiye."

Ngakhale ntchentche zinaimitsa msonkhano. Akuluakulu anayang'anana, chifukwa mwambowo ankaudziwa onse: mkazi wolowoledwa ndi ng'ombe za nyumba ina amawerengedwa wa nyumba imeneyo. Anali atangouiwala mwadala, monga amuna amaiwalira zinthu zosawapindulira. Mkulu wa mpingo anatsegula buku lake, kunyowetsa chala, kutembenuza masamba.

"Lamulo likuti mwamuna asakhale ndi akazi awiri."

"Nanga mkazi kukhala ndi mnzake wolima naye, likuti bwanji?"

Anatembenuzanso masamba, kutsogolo ndi kumbuyo. Olemba malamulo aja sanaganizepo kuti mkazi angafune kusunga mkazi mnzake. Woyamba kuwomba m'manja anali amalume, amene chisoni chinawathera pomwepo. Adada ankangoyang'ana nsapato zawo, osadziwa ngati apambana kapena alandidwa.

Anthu ophunzira adzati amama anawasandutsa katundu tsiku limenelo, kukanganirana ngati mbuzi. Zoona, sindikana. Koma katunduyo ananyamula dengu lake n'kubwerera m'nyumba mwake, ine ndili pambuyo, chitenje chidakali m'manja.

Masana ake aNyaSoko anandiitana monga mwa masiku onse. Anafukula mbatata, kuipukuta. Nditagwada kuti ndilandire, sanaisiye msanga. Anandiyang'ana ndi maso awo ofiira ndi utsi n'kunena kuti, "Iyi udye wekha, Tiwonge. Galu wakhuta." Zaka ziwiri zonsezo ankandiona. Ndinadya pomwepo, pamaso pawo, ndi khungu lomwe, ikundiwotcha lilime, misozi ndi mamina zikuthandizira mchere.

Kuti anthu odutsa aone kuti ukwati wathadi, mpingo unapempha kuti khomo la nyumba ya amama, limene linkayang'ana pabwalo, limatidwe ndi dothi. Anaboola lina kumbuyo, loyang'ana kumunda, kumene sikuoneka kuchokera kumsewu. Nzeru zakuya. Adada anabatizidwa mu jekete yawo, anthu anaimba mpaka mawu kusasa. Patapita zaka ziwiri kunyumba ya kumunsi kunabadwa mng'ono wanga, ali ndi makutu otambalala ngati a adada. ANyaSoko, amene tsitsi linali litayamba kale kuyera, anamubereka kumsana n'kukalowa naye m'tchalitchi, kukakhala kutsogolo. Palibe anafunsa. Nkhani za okalamba obereka anali ataziwerenga okha m'buku lawo.

Musandimve molakwa. Mitala sindikuiyamikira. Ndinaona amama akudikira tsiku lawo ngati munthu wodikira chigayo, ndinaona aNyaSoko akuyang'ana kumsewu wa ku Joni mpaka maso kuchita khungu. Ine ndinakwatiwa ndekha, ndipo mwamuna wanga ndinamuyang'anira mpaka kumanda, kuopa kuti angatulukire mzimu kapena china.

Koma akandiuza kuti zinthu zinasintha, ndimangoti eya. Mdzukulu wanga Wezi anakwatiwa pa Boma, chophimba kumaso, keke yosanjikiza, magalimoto akuliza mahutala kuzungulira msika. Mkazi mmodzi, mwamuna mmodzi, mphete kuchala. Mwamunayo ali ku Joni chaka chachinayi. Wezi anamupeza mkazi mnzake m'foni, atavala chipewa chofanana ndi cha bambo, mwana ali pamiyendo. Sadziwa dzina lake, sadziwa kwawo. Apongozi ake ayamba kale kulankhula mokoma, amati ana akule kwa agogo awo, kumudzi kuli mkaka. Ine mawu okoma ndimawadziwa, amabwera panjinga. Ndamuuza Wezi kuti ana asagone kumeneko ngakhale tsiku limodzi. Mwambo wa khola ulipobe, sunapite kulikonse. Chimene chinapita ndi munthu wa kumtunda, wokuona tsiku ndi tsiku, amene angasendere kutsogolo chogwada dengu likamanyamulidwa. Mkazi wa m'foni sangakuphe, zoona. Sangakuotcherenso mbatata.

ANyaSoko atakalamba, amama ndi amene ankawasambitsa ndi kuwatafunira mtedza. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene anachitira zija. Anakoka fodya n'kunena kuti, "Ukuganiza munthu uja ndikanamusenza ndekha?" Kaya chinali chikondi, kaya kubwezera adada, kaya ankangofuna wowasinjira, sindidziwa, ndipo amene akuti akudziwa za mumtima mwa mnzake ndi wabodza.

Mpaka lero munthu akandipatsa mbatata, kaya ndi mpongozi, kaya ndi mayi wa kumpingo womwetulira, ndimalandira ndi manja awiri, ndimati yewo chomene. Kenako ndimainyema pakati, ndiyang'ane kaye, ndinunkhize. Ana amaseka, amati agogo sakhulupirira munthu. Sakunama. Moyo wanga wonse mbatata imene ndinadya osanyema ndi imodzi, ndipo anandipatsa ndi mdani.