Loko wa Kunja kwa Chitseko

Inu amene mumadzuka m'mawa mtima uli m'mwamba, tamverani nkhani ya aMaloko.

Tsiku limene akazi awo ankatuluka m'chipatala, aMaloko anaima pakhomo la wodi atanyamula chikwama cha zovala. Mayiwo, manja onse ali m'mabandeji, anawayang'ana kamodzi kokha.

"Akuba sanandipwetekepo ine, bambo. Mwandipweteka ndinu. Ndikupita kwa achimwene."

Anatero mayiwo n'kunyamuka.

AMaloko anali mmisiri wowotcherera zitsulo, ndipo dzinali linabwera chifukwa cha mantha awo. Mbava zitawathyolera nyumba kamodzi, mutu sunagwirenso. Mawindo onse anawotcherera zitsulo zonenepa ngati chala chachikulu. Popita kuntchito ankakhoma loko kunja kwa chitseko, akazi awo ali mkati, kiyi n'kuponya m'thumba. Ati kuwateteza!

M'mawa uliwonse mayiwo ankati, "Bambo, tiyeni tipereke tsikuli kwa Mulungu."

"Pempherani nokha, mayi. Mbava simva Ameni, imamva chitsulo."

Masana ena nthambo za magetsi zinayaka kudenga. Anansi anathamangirako ndi nyundo, koma ntchito ya aMaloko inali ntchito, chitsulo sichinapindike n'komwe. Mmene aMaloko ankafika ndi makina odulira, akazi awo anali atagwira zitsulo zotentha za pawindo, akufuula dzina la amuna awo. Moyo unapulumuka, koma zala zinapsa moti sizinathenso kupinda.

Nyumba inatha psiti. Makasitomala anathawa, poti ndani angaitane munthu amene anatsekera mkazi wake m'moto? AMaloko ankagona m'kashedi ka zipangizo, akungobwereza mawu amodzi: "Ndikanadziwa." Koma abale anga, madzi akatayika saoleka.

Atapita kukapepesa, mlamu wawo anawalandirira pakhonde.

"Alamu, mwabwera ndi loko wina?"

"Ndabwera chimanjamanja, alamu."

"Mlongo wanga sakufuna kukuonani. Koma ndikuuzeni, amakupemphereranibe m'mawa uliwonse. Ine ndiye Ameni wake sindiyankha."

Mawu amenewo anawalasa. M'mawa mwake anagwada pakati pa zidutswa za zitsulo, munthu wosadziwa ndi poyambira pomwe pemphero.

"Ambuye, ine ndinayesa kulondera ndekha, onani zimene ndachita. Lero lokhali, londerani Inu."

Sanapemphe za mawa. Mawa litafika anapempheranso chimodzimodzi.

Kenako ananyamula zipangizo n'kuyamba kuyendera nyumba zonse zimene anaikamo zitsulo. Ankapempha kudula windo limodzi, aikepo mahinjesi, kuti lizitsegulidwa ndi munthu wa mkati. Ambiri anawathamangitsa. Ena ankaseka, amvekere, "Mwayamba kugwirizana ndi akuba tsopano?" Zinkawawa, koma ankabwererakonso, mpaka gogo wina analola. Kenako mphunzitsi, kenako mzere wonse wa nyumba.

Komatu chimene ankafuna si makasitomala ayi. Ankafuna mayi abwerere.

AMaloko atakonzanso nyumba yawo, mlamu uja anabwera ndi mlongo wake kuti adzangoona. AMaloko anawalozera windo latsopano. Mayiwo anayesa kukoka kampiringidzo kake, zala zinakana. Anayesanso, osatheka.

"Ili mwapangira anthu a zala, bambo," anatero motsitsa mawu, n'kutuluka.

Aaa, tsiku limenelo aMaloko analira ngati mwana. M'mawa mwake anagwadanso, kenako anamanga zala zawo ndi nsanza kuti zisapinde, n'kuyamba kuyesa. Anawononga zitsulo zambirimbiri. Pomaliza anapanga chotsekera chimene kunja sungachipeze, koma mkati umangokankha ndi chikhatho, windo n'kutseguka.

Mayi atabweranso anaika chikhatho chawo cha zipsera pachitsulocho. Windo lija linatseguka! Mphepo inalowa. Kenako mayiwo anatambasula dzanja.

"Kiyi wa chitseko."

AMaloko anamuika m'chikhathomo, ndipo sanamutengenso mpaka lero.

Panopa ali ndi malo awoawo ogwirira ntchito, mawindo a chikhatho aja anthu amachita kulimbirana. Zitseko amakhomabe, poti kudalira Mulungu si kusiya khomo pululu. Koma mantha aja anachoka. M'mawa uliwonse amagwira dzanja la akazi awo popemphera, ndipo zala zowuma zija zimawakumbutsa zonse. Amanena okha kuti pemphero limene anakana lija linali laulere, koma analiphunzira ndi manja a munthu wina.

Inu amene mantha akukulamulirani, musadikire moto. Khomani chitseko chanu, koma tsikulo liperekeni kwa Mwini wake. Ndipo ngati munawononga kale, osataya mtima. Gwadani mawa m'mawa, mupemphe za tsiku limenelo basi.