Mphatso ya Nambala Yofiira

Galimoto yathu tinaipeza ku Nairobi ili kale ndi mbiri. Bambo anga atayamba ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri, anaigula kwa Mmalawi mnzawo amene ankabwerera kumudzi, ndipo iwowonso anali ataigula kwa Mmalawi wina. Zinkayenda choncho. Ogwira ntchito m'mabungwe oterowo boma linkawalola kukhala ndi galimoto yosalipira msonkho, ndipo galimoto zotero zinkadziwika ndi nambala yofiira. Wochoka ankasiyira wobwera. Yathuyo inali yaitali kumbuyo, yoyera mofuwirira, ndipo dzuwa likawomba, m'buti munkatuluka fungo la matemba amene eni ake akale ankanyamula pochokera kwathu.

Pamene ndinkalowa Fomu 3 inali itatopa. Tinkakhala ku Lang'ata, ndipo bambo ankaiimika itayang'ana kotsetsereka kuti ikakana kulira m'mawa tingoikankha. Okankha tinali ine ndi amayi, ine nditavala kale yunifolomu. Ndinali ndi kope limene ndinkalembamo za tsiku lililonse, ndipo ndikaliwerenga lero ndimapeza kuti nkhani ya galimoto ili pafupifupi patsamba lililonse. Pena ndinalemba kuti utsi wake wandichititsa manyazi pageti la sukulu. Pena ndinalemba pemphero lenileni, lopempha Mulungu kuti atipatse ina ndisanamalize Fomu 4.

Amene ankaisunga ndi moyo anali makanika wina wachikulire wa ku Kenya komweko. Tonse tinkangowatchula kuti a Fundi, monga amatchulira amisiri kumeneko. Galaja yawo inali bwalo lafumbi kuseri kwa dera la South C, pansi pa mtengo, popanda denga. Iwo ankawatchula bambo kuti Mzee, kutanthauza mkulu, ngakhale kuti wamkulu anali iwowo. Galimoto yathu ankaidziwa ndi khutu. Tisanaime n'komwe ankakhala atanena kale chimene chavuta. Tsiku lina itatifera panjira ya ku Machakos, anakwera matatu, minibasi ya kumeneko, kutilondola, chitsulo chofunikacho atachikulunga m'nyuzipepala. Amayi atagonekedwa m'chipatala, galimoto ili pamiyala, anaikonza Lamlungu osapita kutchalitchi kuti bambo azitha kukawaona.

Chaka chimenecho kuntchito anauza bambo kuti nthawi yakwana, akhoza kuitanitsa galimoto ina yatsopano, yosalipiranso msonkho. Chofunika chinali chimodzi: yakaleyo ichoke kaye m'dzina lawo, chifukwa munthu mmodzi sankaloledwa kukhala ndi ziwiri. Bambo sanaganize nthawi yaitali.

"Tiwapatse a Fundi," anatero patebulo. "Ndi yawo kale imeneyi. Ife timangoiyendetsa."

"Mwafunsa kuofesi?" anafunsa amayi.

"Ndifunse chiyani? Galimoto ndi yanga, bulubuku lili m'dzina langa."

Bambo sakanatha kupereka chinthu chotere mwakachetechete, ngati akupereka machesi. Anachita monga timachitira kwathu. Lamlungu lina Amalawi a mu mzindawo atasonkhana kwathu pa mapemphero a mwezi ndi mwezi, anaitananso a Fundi ndi akazi awo. A Fundi anabwera atavala jekete, manja atawatsuka mpaka kutumbuluka. Titamwa tiyi tinatuluka panja. Bambo analankhula, m'Chichewa kenako m'Chiswahili chawo chothyokathyoka, za njira ya ku Machakos ndi za Lamlungu lija amayi ali m'chipatala. Mkulu wa mpingo wathu anati kupatsa n'kuika, napemphera dzanja lili pabonati. Bambo anapereka makiyi ndi manja awiri. Azimayi analulutira mpaka oyandikana nafe anasuzumira pampanda.

A Fundi anawalandira makiyiwo, nayang'ana nambala yofiira ija.

"Mzee, nanga mapepala?"

"Mapepala ndi ntchito yanga. Inu tengani galimoto."

Akazi awo a Fundi anali akupukuta misozi. Anauza amayi kuti amagulitsa mbatata ndi kabichi pamsika, ndipo tsopano aleka kukanganirana malo ndi makondakitala a matatu chifukwa cha matumba. Galimoto inalira kamodzi n'kamodzi tsiku limenelo, osakankha. Ine ndinalemba m'kope kuti bambo anga ndi munthu wabwino kuposa onse amene ndikuwadziwa, ndipo mapemphero awiri, langa ndi la banja la a Fundi, ayankhidwa tsiku limodzi.

Patapita masiku angapo bambo anabwera kuchokera kuntchito osavula n'komwe tayi, nakhala pampando. Mayi amene ankayendetsa za mapepala a magalimoto kuofesi anali atawauza kuti galimoto ya nambala yofiira siperekedwa mphatso. Njira zinali zowerengeka. Kuigulitsa kwa wina wa nambala yofiira, kuitulutsa m'dziko, kuilipirira msonkho wonse umene sunalipiridwe, kapena kuiphwanya pamaso pa munthu wa msonkho, amene akasaina pepala ndiye chilolezo cha yatsopano chimatuluka. Ndipo anawachenjeza kuti a Fundi akapezeka nayo pamsewu, apolisi adzawagwira ngati wakuba.

Bambo anayesa zonse. Anafunsa za msonkho, nabwerako akupukusa mutu: unkaposa zimene galimotoyo ikanagulitsidwa, ndipo analibe poupeza. Anaimbira Amalawi amene anali atangofika kumene. Mmodzi anaseka, nati, "Achimwene, ija munaipempherera Lamlungu lija? Mukufuna ndiziikankha ndi ndani, ana anga ndi aang'ono." Zoiyendetsa mpaka ku Malawi amayi anakana. Anati sangalole mwamuna wawo akafere m'mapiri a ku Tanzania chifukwa cha manyazi.

"Ndiye tingosiya yatsopanoyo," anatero bambo. "Ikhalebe m'dzina langa, iwo aziyendetsa."

Ndikuvomereza kuti ine ndinkaganiza za geti la sukulu. Koma amayi anayankha zimene ine sindinaziganize.

"Mukufuna munthu wamkulu uja akagone m'chitokosi? Mwawapatsa galimoto kapena mwawapatsa mlandu?"



"Aimbireni foni," anapitiriza amayi mofatsa. "Amvetsa."

"Ndinapereka ndi manja pamaso pa anthu. Sindingalande pafoni."

Loweruka m'mawa anandiuza kuti ndiwaperekeze. Chiswahili changa chinali chabwino kuposa chawo, ndipo anati nkhani ngati iyi safuna kuti mawu awathere panjira. Tinakwera matatu awiri. 

Galimoto tinaipeza pansi pa mtengo uja, yotsukidwa. A Fundi anali atawongola chitseko chakumbuyo chimene kwa zaka zambiri chinkangotsegukira kunja. Pamipando panali nsalu zatsopano zamaluwa zimene akazi awo anasoka. Bambo ataona nsaluzo anaima. Ndinaona ngati abwerera.

Analankhula ataimirira, chipewa chili m'manja, ine ndikumasulira. Sanadzikhululukire. Anati analakwa posafunsa, anapereka chinthu chimene sichinali chawo chonse, ndipo abwera kudzachitenga kuti chikaphwanyidwe. Mawu akuti kuphwanya ananditsamwa, ndinachita kuwabwereza kawiri.

A Fundi anapukuta manja pachisanza nthawi yaitali, ngakhale kuti manjawo anali ouma.

"Mzee, kwanu ku Malawi mphatso imakhala masabata awiri?"

Bambo anaweramitsa mutu. A Fundi anaseka, koma kuseka kwake kunali kwakufupi.

"Ndinakufunsani za mapepala."

"Munandifunsa."

"Ine ndiye ndilibe vuto. Galimoto zimabwera, zimapita. Koma mayi a kunyumba auza kale msika wonse." Anayang'ana nsalu zija. "Mundithandize kuganiza chokawauza."

"Ndipita ndikawauze ndekha."

"Ayi, Mzee, mukufuna kufa?" Apa anasekadi, ndipo bambo nawo anamwetulira pang'ono. Kenako a Fundi anafunsa kuti adzaidula ndani. Bambo anati kuofesi awapatsa dzina la malo ena ku Industrial Area.

"Anyamata a kumeneko amadula ngati akupha galu. Pemphani kuti wa msonkhoyo abwere kuno. Ndidula ndine."

Kunyumba kwa a Fundi bambo anapitabe tsiku lomwelo, ine anandisiya pagalaja. Zimene anauzidwa kumeneko sanatiuzepo. Anabwerako ali ndi thumba la mbatata paphewa, nkhope ili ngati ya munthu amene wachokera kumaliro.

Tsiku lodula linali m'kati mwa sabata, nthawi ya holide, ndiye ndinapita nawo. Wa msonkho anali bambo wamng'ono thupi, wa suti yabuluu, ndipo anaima pamthunzi kuti nsapato zake zisade. Anawerenga nambala ya injini ndi ya chasisi, chitsulo chachikulu cha pansi chimene chimanyamula galimoto yonse, nazifananiza ndi za papepala. Anamasulitsa nambala zofiira zija n'kuziika m'chikwama chake. A Fundi anachotsa nsalu za pamipando, nazipinda bwinobwino. Anakhetsa petulo ndi oyilo. Kenako anagwira injini ndi dzanja.

"Bwana, iyi ikhoza kuyendetsa chigayo zaka khumi. Ndiichotse?"

"Pepala likuti yonse."

"Nanga magetsi akutsogolowa? Sakupezekanso m'sitolo."

"Yonse, mzee wanga. Si ine ndinalemba."

Sanali munthu wankhanza. Anayang'ana kumbali pamene a Fundi ankaboola injini ndi nyundo yaikulu. Anamenya katatu isanang'ambike. Kenako anayatsa moto wa gasi. Anadula mosamala, mzere wowongoka, kuyambira padenga kutsika pakati pa zitseko, ngati telala. Utoto unkatupa n'kumanunkha. Chasisi itaduka, galimoto inagwada pakati, mphuno ndi mchira zinakwera m'mwamba. Amakanika ena a pabwalopo anali atasiya ntchito, akuonerera.

Bambo anali atavula jekete, akuthandiza kukoka zidutswa, malaya awo akuofesi ali bii. A Fundi anawaletsa kawiri, kachitatu anangowapatsa magolovesi. Wa msonkho anadinda pepala atatsamira pabondo, napereka kwa bambo. Lole ya ogula zitsulo zakutha inanyamula zonse masana asanakwane.

Tsiku limenelo m'kope ndinalemba mafunso okhaokha. Ndinafunsa chifukwa chake chinthu choyenda chiyenera kuphedwa kuti china chibwere. Ndinkadziwa zimene tinaphunzira m'kalasi, kuti galimoto zakale zimaipitsa mpweya, ndipo ndinali nditaukoka utsi wake ndekha m'mawa uliwonse. Ndinkamvetsanso kuti popanda lamulo lotere aliyense wa nambala yofiira akanasanduka wogulitsa magalimoto. Koma matumba a kabichi anabwerera pamatatu, ndipo matatuwo nawo ankafuka utsi. Pomaliza ndinalemba kuti ndikadzakula ndidzagwira ntchito kumene amalemba mapepala otere, ndidzaikemo mzere umodzi wa anthu ngati a Fundi. Ndinkakhulupirira kuti ndi mzere umodzi wokha umene ukusowa.

Yatsopano inafika patapita miyezi iwiri. Inkalira mwakachetechete moti amayi ankafunsa ngati yayaka. Malamulo a ogulitsa ankati izikonzedwa kugalaja kwawo kokha, kwa anthu a maovolosi oyera. Bambo anakhala nayo sabata imodzi, Loweruka lake anandiuza kuti tipite ku South C.

Sitinali titaonana ndi a Fundi chiyambire tsiku lodula. Sanatimve tikubwera. Anadzidzimuka titaima kale pambali pawo. Anaizungulira, natsegula bonati. M'kati munali chivundikiro chapulasitiki ndi mawaya ambirimbiri. Anayang'ana osakhudza kalikonse, natseka pang'onopang'ono.

"Iyi si yanga, Mzee. Iyi imafuna kompyuta."

"Ndiye muone mpweya wa m'matayala."

"Matayala atsopano?"

"Muone basi."

 A Fundi anatenga choyezera mpweya, nagwada pa tayala loyamba. Anayeza onse anayi, ndi lapadera lomwe, osafulumira. Atadzuka anaitanitsa makapu atatu a tiyi kwa mayi wogulitsa pafupi, nakokera bambo mpando wakale wa galimoto umene unali pansi pa mtengo.

"Mayi a kunyumba akuti mbatata zija munadya?"

"Tinadya. Muwathokoze."

"Mukawathokoze nokha. Tsopano mukhoza kupitako, mkwiyo wawo watsika." Anamwa tiyi, naloza galimotoyo ndi chibwano. "Muiyendetse, Mzee. Ikakalamba mubwere nayo. Ine ndili pompano."